Namfedwa Woyasamula

Ine ndinakula ndikuopa akulu anga kuposa amayi. Amayi ankakalipa kenako n'kuiwala, koma akulu anga ankangokuyang'ana, iwe wekha n'kubwerera m'nyumba kukavula siketi yaifupiyo. Tonse awiri tinabadwira ku Kabwata, mu Lusaka, m'tinyumba tija takalekale, makolo athu atachokera ku Chipata. Ine nditakwatiwa ndinasamukira ku Chelstone. Iwo anatsala komweko, akusoka mayunifolomu a sukulu ndi madiresi a ukwati m'kashopu kawo pafupi ndi msika. Mowa sanaulawepo. Kutchalitchi ankaimba kwaya ya amayi, ndipo mtsikana akafuna kulowa m'banja ankamutumiza kwa iwo kuti akamve mwambo. Munthu wotere sumuganizira kanthu. Atayamba kuwonda ndi kumangosinza pamakina, ine ndinati ndi shuga, n'kumawagulira buledi wabulawuni.

Amuna awo, alamu anga, anali a ku Kitwe, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa, wokonza mafiriji m'maofesi ndi m'nyumba za anthu olemera. Tsiku lina anandiimbira foni kuti abwana awo akuwatuma kunja kwa Lusaka.

"Mulamu, mailo kuseni mubapelekeze ba sisi banu ku kiliniki," anatero. "Osafunsa maningi. Bazakuuzani beka."

M'mawa mwake ine ndi akulu anga tinakwera minibasi ya m'tauni, n'kutsika pafupi ndi chipatala china chimene ndinkachidziwa bwino. Koma iwo sanalowere pakhomo limene tonse timalowera. Anazungulira kuseri, kumene kunali kachitseko ndi benchi lalitali pansi pa mtengo wa mango. Pabenchipo panali anthu amene ine ndikawaona pasiteshoni ya mabasi ya Intercity ndimapanikiza chikwama kukhwapa, amuna owonda a milomo youma, zipewa zitafika m'maso. Panalinso bambo wa tayi, ndi mayi wina wa magalasi akuda amene galimoto yake yokha inkanena kuti wachokera ku Kabulonga, kwa anthu olemera. Ndinati tasochera. Ndisanatsegule pakamwa, mmodzi wa amuna owondawo anasendera kuti apereke malo, n'kufunsa za alamu.

"Ba mayo, shani? Lelo ba bosi balikuti?"

"Bayenda ku nchito. Uyu ni mung'ono wanga," akulu anga anayankha, ngati akupereka moni kwa mnansi wa tsiku ndi tsiku.

Nthawi yawo itakwana anapita pawindo, anesi anawapatsa kakapu ka mankhwala amadzi, iwo n'kumwa pomwepo. Kenako anayasama kuti anesiwo aone kuti amezadi. Akulu anga, amene palibe munthu anawauzapo chochita kuyambira ndili mwana, atayasama pawindo ngati mwana wa sikelo! Ndinayang'ana kumbali chifukwa manyazi anandigwira m'malo mwawo.

Anandifotokozera tikubwerera, poyenda, osandiyang'ana. Zinayamba ndi ngozi ya minibasi ija imene inawapweteka msana zaka zingapo m'mbuyomo. Kuchipatala anawapatsa makapisozi opha ululu otchedwa tramadolo. Atatha, msana unali usanapole, ndiye anayamba kugula okha kukasitolo ka mankhwala, kumene sankafunsidwa kanthu. Msana unapola, koma makapisoziwo sanawasiye. Akapanda kumwa, manja ankanjenjemera moti ulusi sunkalowa pasingano, mafupa ankawawa, m'mimba munkatseguka. Alamu ndiwo anapeza timapepala take topanda kanthu titadzaza pansi pa thumba la zigamba, ndipo m'malo mokuwa anayamba kufunsafunsa mpaka anamva za kafukufuku wina wa pachipatala chimenechi.

Madokotala a pakachitseko paja ankafuna kudziwa kuti mwa mankhwala awiri, ndi ati amene amathandiza bwino munthu kusiya makapisozi otere ndi zina za mtundu wake. Ena ankapatsidwa amadzi aja, ena kapiritsi koika pansi pa lilime. Wodwala sankasankha, ngakhale dokotala sankasankha, kompyuta ndiyo inkagawa mwamaere. Akulu anga anagwera amadzi, omwera pawindo m'mawa uliwonse, Lamlungu lomwe. Nthawi ndi nthawi ankawayeza mkodzo ndi kuwafunsa mmene akugonera ndi mmene akudyera.

Ine pakamwa panga sipachedwa. "Manje bakuyeselani vintu monga makoswe, imwe mwavomela?"

"Bananifunsa bwino bwino, navomela neka," anatero. "Nikafuna kuleka ningaleke olo lelo. Koma iwe, ukauza munthu, siuli m'bale wanga."

Sindinauze munthu, ngakhale amuna anga. Ndipo pamene miyezi inkapita ndinaona ndi maso anga kuti zinthu zikusintha. Masaya anabwerera, makina anayambanso kulira tsiku lonse, anayambanso kundidzudzula za tsitsi langa. Alamu ankawasiya pakachitseko paja m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, ndipo anansi ankangoti banja ili limakondana.

Alamu anamwalira masana, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anagwa akukonza firiji m'nyumba ina ku Woodlands, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atatha kale. Akuti mtima. Munthu amene m'mawa womwewo anadya buledi ndi tiyi n'kuperekeza mkazi wake. Foni inandipeza ndili pantchito m'sitolo ya nsapato mu Cairo Road, ndipo anzanga amati ndinatuluka ndi nsapato ya kasitomala m'manja. Pofika ku Kabwata ndinapeza masofa atatulutsidwa kale panja, amuna akumanga tenti, m'nyumba amayi atayala mphasa. Ndinalira mpaka mawu anatha. Za kachitseko kaja sindinaziganizire n'komwe tsiku limenelo.

Abale a alamu anafika m'mawa mwake pa basi yochokera ku Kitwe, ndipo patsogolo pawo panali azakhali awo a malemu, mlongo wa abambo awo. Anali mayi wamkulu thupi, woyenda motsimphina chifukwa cha mawondo, wa mawu omveka mpaka kumsewu. Atalira maliro awo pakhomo, analowa n'kukhala pambali pa akulu anga, ndipo kuyambira pomwepo nyumba inali m'manja mwawo. Mwambo wake tonse tinkaudziwa, koma iwo anaubwereza mokweza kuti ife a ku Chipata timve. Mkazi wofedwa amakhala pamatiresi pakona, atafunda chitenje kumutu. Sasamba, salankhula mokweza, satuluka pageti mpaka mwamuna wake ataikidwa, kapena kuti atashikiwa m'kalankhulidwe kawo. Ngakhale kuchimbudzi amapita ndi womuperekeza. Ndipo kuika kunali kutali, chifukwa thupi linali kumochale kudikira mchimwene wa malemu amene ankagwira ntchito kunja kwa dziko.

Apa m'pamene mutu wanga unaima. Ndinakwawa pakati pa miyendo ya anthu mpaka pamatiresi, n'kunong'ona ngati ndikuwatonthoza.

"Ba sisi, nanga ku kiliniki?"

"Leka," anayankha pansi pa chitenje. "Siku imozi siinganipaye."

Tsiku limenelo linadutsadi. Ankalira ngati mkazi aliyense wofedwa, ndipo anthu obwera kudzapepesa ankatuluka akupukusa mitu. Koma tsiku lotsatira, chakum'mawa, kwaya ya kutchalitchi kwathu ili pakati pa nyimbo, akulu anga anayasamula. Kunali kuyasamula kwakukulu, kwa nsagwada zonse, mpaka chitenje chinatsetsereka kumutu. Anadzigwira pakamwa, koma kunabweranso, n'kubweranso. Ine ndinali nditamva kwa iwo eni kuti umu ndi mmene zimayambira thupi likasowa mankhwala aja, koma m'chipindamo ndinkadziwa ndine ndekha. Ena onse anaona mkazi akuyasamula pa maliro a mwamuna wake.

Kenako kunabwera kuyetsemula ndi mamina osatha. Thukuta linkatsika pakhosi pawo, koma ankanjenjemera, khungu litachita tsemwe m'nyumba yotentha ngati uvuni. Miyendo inkangokankha yokha pamatiresi. Tiyi anakana, phala anakana, ndipo kuchimbudzi ankapita kawirikawiri moti owaperekeza anayamba kudandaula. Ndinayamba kumva manong'onong'o kumbali imene kunakhala abale a ku Kitwe.

"Alema kale? Mwamuna akalibe na kushikiwa."

"Onani mendo mwamene yachitila. Monga afuna kutaba."

"Munthu angagwe chabe so, alibe kudwala? Ise tizafunsa bwino vamene enze kudya pano."

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawatulutsa onse ndi tsache. Anthu amene kwa zaka sanabwerepo kudzaona ngati mwana wawo ali ndi sopo, lero akuwerenga kuyasamula kwa mkazi amene anamuchapira zovala moyo wake wonse. Koma ndinameza mawu, chifukwa pa maliro mlamu wamng'ono alibe pakamwa. Chimene chinkandiopsa kwambiri sichinali miseche yawo ayi. Ndinkadziwa kuti akulu anga akafika pothera, pali chinthu chimodzi chokha chimene thupi lawo lidzapempha, ndipo miyezi yonse ija ya pawindo idzapita m'madzi.

Ndinanamizira kukagula makala n'kuthamangira kuchipatala kuja. Anesi a pawindo anandizindikira. Nditawauza za alamu anagwira pachifuwa, chifukwa ankawadziwa. Ndiye ndinatulutsa kabotolo kamene ndinatsuka bwino kunyumba, n'kuwapempha kuti andithirire mankhwala a akulu anga ndikawapatse mobisa.

"Awe, mami. Siningakupaseni," anatero anesi.

Ndinapsa mtima. Ndinawafunsa ngati anabadwa kwa munthu, ngati kwawo kulibe maliro, ngati akuganiza kuti ndikufuna kukagulitsa. Anthu a pabenchi anatembenuka onse. Anesiwo sanandibwezere, anangoitana dokotala, mayi wachitsikana woonda wa tsitsi lalifupi, amene anandilowetsa m'kachipinda n'kutseka chitseko. Anandiuza modekha kuti mankhwala amenewa, muyezo umene umangokhazika mtima pansi munthu wozolowera, ungathe kupha munthu wosazolowera, ndipo m'nyumba yodzaza anthu ndi ana kabotolo sikasowa womwa. Anatinso munthu akadumpha masiku, thupi limasintha, ndiye ayenera kumuona kaye asanamupatse kalikonse. Kuti iwo apite nawo kunyumba pankafunika chilolezo cha anthu oyang'anira kafukufukuyo, ndipo chimenecho sichinali cha tsiku limodzi.

"Pokonza kafukufuku tinaganizila bodwala bamene bagonekewa mu wodi, na bamene bamangiwa, na bapaulendo," anatero dokotalayo, akuyang'ana patebulo. "Va mukazi wofedwa sitinaganizile."

Ndinamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Mwana wa muno m'Zambia, woti nayenso amafunda chitenje n'kugona pamphasa akamwalira wachibale, ndipo pa gulu lawo lonse palibe anakumbuka kuti mkazi wofedwa satuluka pageti. Mu Lusaka muno, mmene sabata silitha osamva kulira kwa anansi! Iye sanadziteteze. Anangoti ndiwabweretse nthawi ina iliyonse, adzatidikira ngakhale windo litatsekedwa. Ndikutuluka anandigwira pamkono.

"Chamene niyopa ni chimozi," anatero. "Basapeze yaja makapisozi yakudala."

Ndinamuuza kuti asadandaule, munthu amene sakutuluka pageti angawapeze kuti. Ndinanena ndi mtima wonse.

Nditabwerera ku Kabwata chakumasana, ndinadabwa kupeza m'nyumba muli bata. Akulu anga anali atatsamira khoma, miyendo itatambasuka phee, misozi ikutsika pang'onopang'ono mmene anthu amafunira kuti namfedwa azilirira. Kapu ya tiyi inali pambali pawo yopanda kanthu. Ine ndinkadziwa kuti matenda aja sachoka okha chonchi. Azakhali aja anandikodola ndi nkhope ya munthu amene wagwira ntchito yabwino.

"Iwe, mukulu wako enze chabe na mubili kubaba. Namupasako tubili twanga, ona manje ali bwino."

Anamasula mfundo ya chitenje chawo n'kundionetsa kapepala konyezimira, makapisozi obiriwira mbali ina, achikasu mbali ina. Ndinawadziwa, chifukwa akulu anga anali atandionetsapo tsiku lina kuti ndizidziwa mdani wawo. Ndisanapeze mawu, mayi wina wa m'kwaya yathu, mnzawo wa amayi athu, analowererapo mokondwa.

"Ni yabwino maningi ayo. Na ine nili nayo, ngati yasila munikambile."

"Ine pa malilo siniyenda kulibe ayo," anatero wina wochokera ku Roma, dera la anthu olemera mu Lusaka momwemo, akusisita chikwama chake. "Kugona pansi pa simenti na musana uyu? Awe."

Zipi za zikwama zinayamba kulira uku ndi uku. Wina anapempha kamodzi, wina anamuponyera, kapepala kakudutsa pamwamba pa mitu ya anthu ngati maswiti a chifuwa. Amayi a ulemu wawo, ovala mayunifolomu a mipingo, ena mwa iwo omwe aja ankanong'ona m'mawa. Palibe ankabisa, chifukwa palibe ankaona cholakwa. Kwa ife kuno munthu akadandaula mutu sufunsa zambiri, umatsegula chikwama n'kumugawira chimene uli nacho, ndipo womana mnzake mankhwala ndiye woipa mtima. Ine ndinathamanga tauni yonse kuopa kasitolo ka mankhwala kaja, osadziwa kuti zinthuzo zinali zitagona nafe m'chipinda chimodzi, zitamangidwa pa chitenje cha mlonda wa namfedwa.

Akulu anga atapempha kupita kuchimbudzi ndinadumpha ine kuti ndiwaperekeze. Titafika kuseri kwa nyumba ndinawagwira mapewa.

"Mwamwa?"

"Namwa."

"Simunakane?"

"Banaika mu kwanja kwanga," anatero. "Nenze nayangana chabe. Sinizibanso mwamene yanafikila mukamwa."

Ndinkayembekezera kuti alira kapena andikalipira. Koma anayang'ana mawaya a zovala, nkhope ili phee, n'kunena ndi mawu wamba, ngati akunena za mvula.

"Nifuna yenangu. Pamene tikamba so, niganiza chabe pali cija citenge cao."

Mawu amenewo anandiopsa kuposa imfa ya alamu. Imfa ija inali itachitika kale, koma ichi chinali chikuchitika ndikuona, ndipo amene ankandiuzayo anali munthu amene sanapemphepo kanthu kwa wina aliyense. Ndinawauza zimene dokotala ananena, kuti akutidikira. Anapukusa mutu. Anati akatuluka pageti mwamuna wawo asanaikidwe, abale aja adzanena kuti anali ndi chibwenzi, kapena kuti anapita kwa sing'anga kukafafaniza zimene anachita, ndipo dzina limenelo lidzawatsata mpaka kumanda. Tinabwerera m'nyumba, ine kumbuyo kwawo ngati woperekeza wabwino.

Kutacha zonse zinayambiranso, ndipo zinabwera ndi ukali. Thukuta, miyendo, kuyasamula. Ine ndinakhala pafupi, maso anga ali pa manja a azakhali. Sanachedwe. Anadandaula kuti mwana uyu akuvutika, anamasula mfundo ija, anaboola kapepala, n'kutambasula dzanja, makapisozi awiri ali pachikhatho. Ndinaona dzanja la akulu anga likutuluka m'chitenje, likupita. Ndinafuna kulimenya, koma ndikanalimenya ndikanayenera kufotokoza, ndipo chinsinsicho sichinali changa.

Dzanjalo linaima m'malere. Kenako akulu anga anavula chitenje kumutu, chinthu chimene namfedwa sachita, n'kulankhula mokweza moti ngakhale amene anali kukhitchini anamva.

"Ba anti, mukanipasa futi aya, muzashika bantu babili. Aya ndiye matenda yanga. Nenze kumwa siku na siku mpaka nenze siningasoke olo batani. Nili pa mankhwala ku cipatala kuti nileke, ndiye cifukwa niyasamula. Sikuti nalema na malilo ya mwamuna wanga."

Mayi wa m'kwaya uja anakokera chikwama chake pansi pa mwendo. Wina kumbuyo ananong'ona kuti ndiye kuti amasuta chamba, wina n'kumuletsa. Ine sindikudziwa ngati chimene ndinamva chinali kunyada kapena mantha. Azakhali anayang'ana makapisozi ali m'dzanja lawo, n'kuyang'ana akulu anga.

"Mwana watu enze aziba?"

"Ndiye enze kunipeleka kuseni kulikonse."

"Boza," anatero azakhali. "Aya ni mankhwala ya mu cipatala. Yangadwalise bwanji munthu?"

Ndikanakonda kunena kuti mtima wawo unafewa, koma sizinali choncho. Anaimirira movutikira, akugwira khoma, n'kulengeza kuti mkazi wofedwa sayenda yekha, ndiye apita naye iwo eni akaone ndi maso awo chipatala chimenechi. Akakapeza kuti kulibe, kapena kuti kuli mwamuna, nkhani idzakambidwa pamaso pa banja lonse thupi lisanatuluke kumochale. Amuna a mutenti anaimirira kudabwa poona namfedwa akutuluka pageti atafunda chitenje chakuda, azakhali mbali ina, ine mbali ina. Palibe anayerekeza kufunsa, chifukwa nkhope ya azakhali inali yosafunsika.

Tinapita pa takisi. Titazungulira kuseri kwa chipatala, anthu a pabenchi paja anatiyang'ana, anaona chitenje chakuda, ndipo mmodzi ndi mmodzi anaimirira. Amuna owonda aja anavula zipewa. Amene ankakonda kufunsa za abosi uja anayandikira, manja ali kumbuyo.

"Ba mayo, tamvela. Pepani maningi. Benze bantu babwino."

Apa m'pamene akulu anga analira kulira kwenikweni, kumene sindinakumve kunyumba kuja masiku onsewo. Azakhali anangoima, akuyang'ana anthuwo kuyambira kumapazi mpaka kumutu, chikwama atachikumbatira pachifuwa monga ndinkachitira ine ndikaona anthu otere ku Intercity.

Dokotala uja anafunsa akulu anga ngati akulola kuti ife tilowe nawo, iwo n'kuvomera. Anawayeza, anawayang'ana m'maso ndi katochi, kenako anawafunsa ngati amwa china chilichonse masiku amenewa. Ine mtima unali m'mwamba, ndikuganiza kuti akanena zoona awachotsa m'kafukufuku. Akulu anga ananena zoona, kuti makapisozi awiri, dzulo masana. Dokotala sanakweze nsidze n'komwe. Anati palibe amene amachotsedwa chifukwa chopunthwa, kuti zimenezinso ndi zimene kafukufuku akufuna kudziwa, koma lero awapatsa muyezo wocheperapo n'kumakweza pang'onopang'ono, ndipo masiku angapo akubwerawa thupi liwawabe. Anawachenjeza kuti kuphatikiza makapisozi aja ndi mankhwala a pawindo kungathe kumugoneka munthu tulo tosadzuka. Anawauza kuti mawa abwerenso, ndi mkuja, ngakhale tsiku loika maliro.

Azakhali anamvetsera zonsezo. Anatsatira mpaka pawindo, anaona kakapu, anaona kumwa, anaona kuyasama. Kenako anamasula mfundo yawo n'kusonyeza anesi kapepala kaja, ngati munthu wobweretsa umboni kukhoti.

"Imwe ba nesi, aya ndiye yamene mukamba?"

"Ni yamene ayo, mami. Imwe mwayamba liti kumwa?"

"Ine ni ya makufi chabe, mendo yanibaba," azakhali anayankha msanga, akuloza mawondo awo n'kumanganso mfundo. "Ine sinili monga aba."

Anesi anawauza kuti khomo ndi lomweli akadzafuna kucheza nawo, koma iwo anali atatembenuka kale.

Pobwerera tinakhala atatu kumbuyo kwa takisi, akulu anga pakati. Tili pamzere wa magalimoto pafupi ndi tauni, azakhali anatsokomola n'kunena, akuyang'ana kutsogolo, kuti aona, chipatala chilipodi, ndipo aliyense wofuna kulankhula za mkazi wa mwana wawo ayambe walankhula ndi iwo. Anati m'mawa uliwonse aziwaperekeza okha, ndipo maliro akatha sabwerera msanga ku Kitwe, akhala m'nyumbamo mwezi wathunthu, azigona chipinda chimodzi ndi namfedwa monga mwambo unenera. Ndinayamba kuthokoza, ndipo ndinkathokozadi.

Ndili pakati pothokoza, azakhali anabuula n'kusisita bondo. Ulendo wa pawindo uja unali utawapweteka. Zala zawo zinapita zokha pamfundo ya chitenje, ndipo m'galimoto monse munamveka kaphokoso kaja ka kapepala kakubooka. Anaponya kapisozi mkamwa n'kumeza wopanda madzi, maso ali pamsewu, kapepalako katatsala pamwendo pawo, pafupi ndi bondo la akulu anga.

Akulu anga sanayang'ane kumeneko. Ananyamuka pang'ono pampando, analowetsa manja onse awiri pansi pa ntchafu zawo, n'kuwakhalira. Anawakhalira choncho mpaka tinafika ku Kabwata.